Mabuku Ochotsedwa pa Msewu wa ku Mzuzu

Kalata inatipeza Lachitatu itayenda m'njira masabata atatu, ndipo kosi imene inkanenayo inali yoyamba Lolemba lotsatira ku Mzuzu. Abwana athu, a Kachingwe, anatiwerengera ali chiimire pakhomo la ofesi yawo. Anthu awiri a pakalaibulale kathu ka ku Ndirande anafunika kukaphunzira kusoka mabuku ong'ambika, kuthana ndi chiswe ndi chinyezi, komanso kulondola anthu amene amabwereka buku n'kulisandutsa lawo. Anthu awiriwo tinali ine ndi Che Asedi.

Kwa ine unali mwayi wokaona kumpoto basi. Ndinali mtsikana, ndi pepala langa la folomu 4 m'sutikesi, ndipo kosi ikanandiphonya ndikanapita chaka china. Kwa Che Asedi inali nkhani ina. Iwo analowa ntchito ngati mesenjala ine ndikadali kupulaimale, sukulu yawo inathera sitandade 6, koma buku lililonse lophwasuka linkathera m'manja mwawo n'kubwerera pashelefu lili nganganga. Tsono ndime yomaliza ya kalatayo inkati kuyambira Januwale aliyense wogwira mabuku wopanda pepala la sekondale kapena setifiketi ya kosi imeneyi adzaimitsidwa ntchito. Inkatinso kaundula wa ophunzira adzatsekedwa Lolemba 10 koloko m'mawa, wochedwa asadzadandaule. Che Asedi anali ndi ana asanu, wamkulu atangosankhidwa kumene kupita kusekondale.

Kalatayo inalamulanso kuti titenge mabuku makumi awiri owonongeka, oti tikaphunzirirepo kusoka. A Kachingwe anali munthu wamantha ndi katundu wa ofesi, ndipo anati buku silituluka pakhomo pawo popanda chidindo, kuopa kuti wina angadzati tinaba. Chidindocho ndi chimene timadinda buku likatha ntchito, chosonyeza kuti lachotsedwa pashelefu, ndipo mawu ake ndi amodzi okha a Chingerezi, akuti WITHDRAWN. Anandipatsa ine kuti ndidinde. Ndinadinda ndi inki yofiira, pachikuto, m'kati ndi m'mphepete momwe, mwina katatu buku limodzi, chifukwa ndinkakonda kulira kwake patebulo. Ndikakumbukira mmene ndinkasangalalira tsiku limenelo ndimadzida mpaka pano.

Loweruka ndinanyamuka ku Zingwangwa kusanatenthe, ndipo ndinapeza Che Asedi atafika kale ku Wenela, atakhalira katoni ya mabukuyo ngati wina awalanda. Anali ataimanga ndi chingwe cha khonje ndi kuikuta ndi pepala la pulasitiki. Pachipata panali anyamata a chipani akuona makhadi, monga zinkakhalira masiku amenewo. Langa ndinali nditaliika pamwamba penipeni m'chikwama, ndipo tinadutsa bwinobwino. Kalaliki wa matikiti anatembenuza kangapo walanti yathu, chikalata cha ofesi chotilipirira ulendo, napita nayo m'kati, nabwerako patapita theka la ola n'kunena kuti katoni njakulipira payokha. Che Asedi anati aifukata pamiyendo ngati mwana, ndipo anaifukatadi.

Basi ya 8 koloko inanyamuka cha m'ma 11. Pa Kameza tinaimanso kudikira mayi wina amene mwamuna wake anaumirira kuti akubwera, ali pompano, ndipo anabweradi ndi madengu anayi a matemba. Mpando wa kutsogolo kwathu kunali bambo wina wa jekete la bulauni, wonyamula nyuzipepala yopindapinda, amene ankadziwa chilichonse. Ankadziwa chifukwa chimene basi inachedwera, mtengo wa fodya chaka chimenecho, ndi matenda a mwana amene ankalira kumbuyo. Atamva kuti ndife a laibulale anatiuza kuti iyenso ndi munthu wa mabuku kwambiri, anagwirapo ntchito ya ukalaliki ku Makata. Ndinamuyankha mwaulemu kawiri, kachitatu ndinayang'ana pawindo.

Titawoloka Shire pa Zalewa basi inayamba kutsokomola. Inalimbikira mpaka kupitirira Ntcheu, kenaka pa chitunda china inangoti zii, nthunzi ili tolo kutsogolo. Dalaivala anati lamba wa fani waduka, ndipo wina ngosowa. Kondakitala anakwera lole yobwerera ku Ntcheu kukafuna lamba, ife n'kutsika kukhala pansi pa mitengo ya mango yopanda mango. Tinakhala pamenepo maola asanu. Amayi a m'mudzi wapafupi anabwera ndi mbatata yophika ndi nthochi, ndipo anagulitsa zonse. Che Asedi anapempha madzi, nasamba m'manja ndi kumapazi, nakapemphera kuseri kwa chulu, atandisiyira katoni kuti ndiikhalire. Atabwerako anawerenga maola pa zala zawo, n'kupeza kuti tikadali ndi tsiku lonse la Lamulungu lapadera. Anati kuthamanga sikufika, ndipo ndinavomera.

Lamba anabwera wamkulu pang'ono, anamumangirira momwemo, ndipo tinalowa mu Lilongwe mochedwa n'kugona pa mabenchi a depoti. M'mawa tinapeza malo m'basi ya ku Mzuzu. Bambo wa jekete uja analinso momwemo, ulendo wa ku Ekwendeni kwa mlamu wake, ndipo mayi wa matemba uja analimonso. Basi iyi inali yamphamvu. Mponela tinangodutsa, pa Kasungu tinadya chimanga chootcha, ndipo Che Asedi anayamba kucheza. Anandifunsa ngati pa kosi pamakhala mayeso olemba m'Chingerezi, chifukwa chimenecho ndicho chinkawasowetsa tulo. Ndinawauza kuti ndidzakhala nawo pafupi. Anaseka n'kunena kuti mavuto a ulendo uno tawasiya pa Ntcheu.

Cha m'ma 2 koloko, titapitirira ndithu Kasungu, tinafika pa rodibuloko. Panali migolo iwiri, mtengo wopingasa ndi kanyumba ka malata. Tonse tinatsika, aliyense kuima pambali pa katundu wake. Wapolisi wina wamng'ono msinkhu, wa nkhope yofatsa ndithu, ankapisa dzanja m'matumba mwaulesi mpaka anafika pa katoni yathu. Che Asedi anamasula chingwe okha. Wapolisiyo anatola buku lapamwamba, la kawetedwe ka nkhuku, naona chofiira chija, natola lachiwiri ndi lachitatu. Kenaka anandifunsa kuti mawuwo akutanthauza chiyani.

"Akutanthauza kuti mabukuwa achotsedwa," ndinatero.

"Anawachotsa ndani?"

"A ku ofesi."

"Chifukwa chiyani?"

"Sakuyeneranso kuwerengedwa ndi anthu."

Ndinkatanthauza kuti ndi ong'ambika. Mawuwo atangotuluka ndinamva ndekha mmene amvekera. Wachinyamata wa lero sangamvetse, koma masiku amenewo kunali mabuku oletsedwa ndi boma, ndipo munthu wopezeka nalo limodzi lokha ankatha kupita osadziwika kumene wapita. Ndinayamba kukonza mawu anga, koma bambo wa jekete uja anali atasendera kale pafupi. Anasuzumira m'katoni n'kuuza wapolisiyo, mokweza kuti onse amve kuti Chingerezi amachidziwa, kuti liwu limenelo amalemba pa chinthu chimene boma lachibweza kuti chisayendenso. Sindikhulupirira kuti ankatifunira zoipa. Ankangofuna kudziwa chinthu pamaso pa anthu, ndipo atazindikira chimene wachita anabwerera m'mbuyo n'kuyamba kuwerenga nyuzipepala yake.

Ndinatulutsa kalata ya kosi ija. Wapolisiyo anaiwerenga pang'onopang'ono ndi chala, mpaka anapeza liwu lomwelo m'kalatamo, pamene inkati tibweretse mabuku otero. M'malo motipulumutsa, kalatayo inangomuonjezera mantha. Anaitana mnzake, ndipo awiriwo anagwirizana kuti nkhaniyi yawakulira. Mndandanda wa mabuku oletsedwa unali m'kabati, kabati inali yokiya, kiyi anali ndi abwana awo, ndipo abwanawo anali ku maliro a apongozi awo kutali ndithu. Che Asedi anavula chipewa chawo n'kuchigwira ndi manja awiri.

"Bwana, awa ndi mabuku odwala basi. Tikupita nawo kuchipatala chake. Taonani ili, msana unathyoka. Mawa teni koloko ndikapanda kulembetsa dzina, ntchito yanga yatha."

Wapolisiyo anati akumva, koma akatilola kupita ndiye kuti ntchito imene ithe ndi yake, mwinanso zoposa ntchito. Kondakitala anatsitsa zikwama zathu popanda kutiyang'ana. Anthu amene tinadya nawo chimanga pa Kasungu anakwera mmodzimmodzi maso ali pansi, ndipo mayi wa matemba, amene ankanditchula kuti mwana wake kuchokera pa Kameza, anadutsa pafupi nane ngati sanandionepo. Sindinawaimbe mlandu, inenso ndikanatero. Mtengo uja anaukweza, basi inapita, ndipo tinamva kulira kwake kwa nthawi yaitali chifukwa malowo anali a zii.

Sanatitsekere, sanatimenye, sanatinyoze. Anangotipatsa benchi. Chimenecho ndicho chinandipweteka kwambiri, chifukwa panalibe munthu woti ndikangane naye. Ndinapempha kuti aimbe lamya ku Blantyre, anati lamya palibe, ndipo ngakhale ikanakhalapo, Lamulungu ofesi yathu njotseka. Ndinapempha kuti ine nditsale ndi katoni, Che Asedi apitirire. Anati katoni inali pamiyendo pa bambowa, ndiye mwini wake ndi iwowo. Ndinati wodinda ndine, anati wodinda si wonyamula. Galimoto iliyonse yochokera kumpoto tinkaimirira kuona ngati mutsike abwana aja. Munkatsika anthu ena. Ine ndinagona kwa mkazi wa wapolisi wina, mayi wachifundo amene anandipatsa chitenje chofunda koma osandifunsa ngakhale dzina, ndipo Che Asedi anagona pa benchi pomwepo.

Lolemba kunacha bwino, kopanda ndi mtambo womwe. Ine wotchi ndinali nayo, Che Asedi analibe, ndipo sanandifunse nthawi ngakhale kamodzi. Itakwana 10 koloko ndinabisa dzanja m'chitenje, koma anaona. Anangogwedeza mutu. Ndinalira pamenepo, ndi mkwiyo ndi manyazi, ndipo ndinawauza kuti zonsezi ndi pakamwa panga. Anati chakudza sichiimba ng'oma, ndisiye kulira pamaso pa apolisi angaganize kuti tili ndi mlandu weniweni.

Manja awo sankatha kukhala chabe. Patebulo la m'kanyumbamo panali buku lalikulu limene apolisiwo ankalembamo zochitika za tsiku, masamba ake atayamba kuthothoka. Che Asedi analiyang'ana m'mawa wonse, kenaka anapempha ngati angaligwire. Wapolisi wofatsa uja anakayika, koma anawapatsa, ataimirira pambali. Anatulutsa singano ndi ulusi m'thumba la malaya, naboola timabowo tisanu, nasoka mtolo uliwonse wa masamba kuulumikiza ku unzake. Pomatira anapempha phala la ufa wa chinangwa kwa mayi uja. Pofika masana buku linali litaima ngati latsopano.

Abwana a apolisi aja anafika cha m'ma 4 koloko pa njinga yamoto, maso ali ofiira ndi tulo ta kumaliro. Anali munthu wachikulire, wosalankhula zambiri. Anamvetsera anyamata ake, namvetsera ine, natsekula kabati n'kutulutsa mapepala a mndandanda uja. Tinayamba buku limodzilimodzi. Ine ndinkawerenga dzina la buku ndi la mlembi, iwo n'kutsetsereka ndi chala m'mapepala onse mpaka kumapeto. La nkhuku linadutsa. La masamu a sitandade 7 linadutsa. La kasamalidwe ka makanda linadutsa. Mabuku khumi ndi atatu anadutsa chotero, ndipo mtima wanga unayamba kutsika.

Otsala asanu ndi awiriwo analibe chikuto, analibenso tsamba loyamba pamene pamakhala dzina. Ndiwo anali odwalitsitsa, amene Che Asedi anasankha dala kuti akaonetse luso lawo. Iwo ankawadziwa onse pamtima. Ankatola buku, kutchula dzina lake, mlembi wake, shelefu imene linkakhala, ngakhale mwana wasukulu amene analing'amba. Abwanawo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Inu mukunena, bambo, ndipo ndikukukhulupirirani. Koma bukulo palokha silikunena. Ndiliyang'ana pati pa mndandanda?"

Abwanawo anatembenuza buku la apolisi losokedwa lija n'kuyesa kukoka masamba ake. Kenaka anati asanu ndi awiriwo atsala, adzaona okha chochita nawo, ife titenge enawo tizipita. Anatsekula pa tsamba la Lamulungu n'kutionetsa kuti anyamata ake, posadziwa kalembedwe ka nkhani yotere, sanalembepo kanthu.

"Sindikulembani," anatero. "Ndikalemba, pepala lipita kumene ine sindingalibweze. Inu simunaime pano, ine sindinakuoneni. Mwamva?"

Tinamva, ndipo tinathokoza mowomba m'manja. Basi ya tsiku limenelo inali itadutsa kale, choncho tinagonanso pomwepo. Lachiwiri m'mamawa anatiimitsira lole yonyamula matumba a chimanga, ndipo tinakwera pamwamba. M'nkhalango ya Chikangawa munali nkhungu ndi chisanu choti zala sizinkapindika, ndipo za kukongola kwa kumpoto kumene ndinkafuna kuona ndilibe choti ndinene. Tinatsika mu Mzuzu dzuwa lili pamutu, titayera ndi fumbi la matumba, n'kufunsira njira mpaka ku holo ya kosi.

Woyendetsa kosiyo anali Mayi Nyirenda, mayi wamtali wa magalasi, wolankhula mosazungulira. Anati kaundula anatsekedwa dzulo, ndipo maina apita kale kulikulu. Anatifunsa chimene chinatichedwetsa. Ndisanatsekule pakamwa Che Asedi anayankha kuti basi inawonongeka. Mayiwo anati theka la anthu a m'holomo mabasi awo anawonongeka, a ku Nsanje ndi a ku Mulanje omwe, koma anafika. Anatilola kukhala nawo m'kalasi ngati omvera chabe, popanda setifiketi.

Lachitatu linali tsiku losoka. Mayi Nyirenda ankayendera matebulo, ndipo atafika pa Che Asedi anaima. Anatola buku la nkhuku lija, nalitsekula pakati, naligwira tsamba limodzi n'kuligwedeza m'mwamba. Silinathothoke. Anawafunsa kumene anaphunzira, iwo anati pa ntchito pomwepo. Kuyambira pamenepo anawaimika kutsogolo. Masiku awiri Che Asedi anaphunzitsa anthu a masetifiketi a sekondale kaboolede, kakokedwe ka ulusi kuti usadule pepala, ndi kaphikidwe ka phala lomatira loti mphemvu zisalikonde. Ankayankhula Chichewa chawo cha ku Ndirande, ndipo palibe anafunsa za Chingerezi. Anthu anayamba kuwatchula kuti aphunzitsi.

Lachinayi madzulo Mayi Nyirenda anatiitanira mu ofesi. Anati munthu wotere kubwerera chimanjamanja ndi tchimo, ndipo pali njira imodzi. Kulikulu amalola kuwonjezera dzina ngati wochedwayo anachedwa pa chifukwa chachikulu chimene angathe kuchitsimikiza, monga kugonekedwa m'chipatala kapena kuimitsidwa ndi a boma. Kuwonongeka kwa basi sikuwerengedwa. Anatiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti anthu ochokera ku Blantyre sayenda masiku anayi chifukwa cha lamba wa fani, komanso anawerenga mabuku athu n'kupeza khumi ndi atatu. Anandipatsa pepala ndi cholembera kuti ndilembe zoona zake, tsiku ndi malo, iwo akatumiza kulikulu kuti akafufuze. Kenaka anatuluka dala kutisiya awiri.

Ndinayamba kulemba tsiku. Che Asedi anaika dzanja lawo papepalapo.

"Achemwali, musalembe."

Ndinawauza kuti tinalibe mlandu, mabuku khumi ndi atatu anadutsa pa mndandanda, ndipo aliyense wanzeru akamva nkhaniyi adzangoseka. Ndinawakumbutsa za Januwale ndi za mwana wa kusekondale. Ndinakwiya nawo ndithu, mpaka ndinawauza kuti mantha awo adyetsa ana awo njala. Anandisiya ndimalize.

"Kulikulu sakawerenga kuti khumi ndi atatu anadutsa. Akawerenga kuti Asedi anagwidwa ndi mabuku pa rodibuloko, ndipo seveni anatsala. Akafunsanso abwana aja kuti bwanji sanalembe. Ntchito ikatha munthu amapita kunyumba, ana n'kumamuona. Koma pepala ili likapita, sindikudziwa kumene ndingapite, ndipo dzina lanu likhalaponso."

Ndinakhala ndi cholemberacho m'manja mpaka Mayi Nyirenda anabwerera, ndipo pamaso pawo ndinalemba mzere umodzi wokha, wakuti basi inawonongeka pa Ntcheu. Anauwerenga, natiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndikhulupirira anamvetsa zonse. Sanafunsenso. Anapinda pepalalo n'kuliika m'kabati.

Lachisanu anapereka masetifiketi pakhonde la holo. Ife awiri tinaima kumbuyo, pafupi ndi zikwama zathu, chifukwa basi yobwerera inali ya masana. Tonse tinkadziwa kuti mwezi wa Disembala ndiwo womaliza wa Che Asedi pa laibulale, ndipo zinaterodi. Maina ankaitanidwa, iwo n'kumawomba m'manja dzina lililonse. Mwambo utatha, mnyamata wina wa ku Karonga, amene Lachitatu sankatha n'kulowetsa ulusi pa singano, anabwera akumwetulira kudzaonetsa aphunzitsi ake chimene walandira. Iye sankadziwa kanthu. Che Asedi anapukuta manja pa thalauza, nalandira setifiketiyo ndi manja awiri. Anaiwerenga yonse pang'onopang'ono, milomo ikugwedera, kuyambira pamwamba mpaka pa siginecha. Anaipenda makulidwe ake ndi zala, kenaka anaibweza kwa mwini wake.

"Pepala labwino ili," anatero. "Musalipinde."